Mtengo wa chinkhwe uli m'mapepala ake

Wamalonda amene amapita ku Johannesburg kapena ku Dubai kukapikula katundu amakumana ndi masitolo ogulitsa mbalame, akamba, njoka ndi nsomba zoweta m'galasi. Akaona mitengo yake, mtima umamuuza kuti apa pali phindu loposa la nsapato ndi zitenje. Koma pa malonda amenewa, mtengo wa nyama umadalira kwambiri mapepala oiperekeza. Nyama yomweyo ikakhala yopanda mapepala imalandidwa pachipata, ndipo mwini wake amatha kukagona kundende.

Chitsanzo chabwino ndi chinkhwe chotuwa chamchira wofiira, chomwe m'masitolo amachitcha African grey. Mbalameyi imakondedwa chifukwa imatha kutsanzira mawu a munthu ndipo imakhala zaka zambiri. Kwawo ndi kunkhalango za kuzambwe ndi pakati pa Africa, m'maiko ngati Ghana, Cameroon ndi Democratic Republic of Congo. Ku America, chinkhwe chotere chobadwira kwa woweta chimagulidwa ndi madola opitirira 1,000. Wotchera mbalameyi m'nkhalango amalandira kagawo kakang'ono chabe ka ndalamazo, ndipo mbalame zambiri zimafera panjira zisanafike kwa wogula.

Malamulo ndiwo anakweza mtengowu. Mu 1992 dziko la America linakhazikitsa lamulo la Wild Bird Conservation Act, lomwe linatseka khomo kwa mbalame zambiri zogwidwa kutchire. Mu 2005 maiko a mu European Union anaimitsa kulowetsa mbalame zakutchire poopa chimfine cha mbalame, ndipo mu 2007 chiletsocho chinakhala chokhazikika. Misika iwiri ikuluikulu itatsekeka chonchi, ogula anatembenukira kwa oweta, ndipo mbalame yokhala ndi umboni woti inabadwira m'khola inayamba kudula.

Pamwamba pa malamulo a dziko lililonse pali pangano la CITES, lomwe linasainidwa ku Washington mu 1973 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 1975. Maiko oposa 180 ali m'panganoli, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique, Tanzania ndi South Africa. Panganoli linagawa nyama ndi zomera m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotheratu, ndipo kugulitsa kunja zogwidwa kutchire ndi koletsedwa. Gulu lachiwiri ndi la zomwe zingagulitsidwe pokhapokha dziko lomwe zikuchokera litapereka chilolezo. Gulu lachitatu ndi la zomwe dziko lina lapempha anzake kuti alithandize kuziteteza.

Chinkhwe chotuwa chinali m'gulu lachiwiri kwa zaka zambiri. Pamsonkhano wa CITES womwe unachitikira ku Johannesburg mu 2016, maiko anachisamutsira m'gulu loyamba, ndipo kusinthaku kunayamba kugwira ntchito mu January 2017. Chimodzi mwa zifukwa chinali kuchepa kwa mbalameyi kwawo: ku Ghana kafukufuku anapeza kuti mbalame zosachepera 90 mwa 100 zilizonse zinali zitatha kuchokera mu 1992. Kuyambira pamenepo, woweta wofuna kugulitsa zinkhwezi kunja ayenera kukhala wolembetsedwa ku CITES kudzera m'boma la kwawo. South Africa ndi limodzi mwa maiko omwe ali ndi oweta ambiri otere. Pamsonkhano womwewo, mitundu yonse isanu ndi itatu ya ngaka inaikidwanso m'gulu loyamba.

Apa pali phunziro kwa wamalonda aliyense: katundu amene anali wololedwa dzulo atha kukhala woletsedwa lero. Munthu amene anagula zinkhwe zakutchire zambiri kumapeto kwa 2016 anapezeka ali ndi katundu wovuta kumutulutsa chaka chitangotembenuka.

Phunziro lina ndi lakuti chilolezo cha dziko limodzi sichitsegula zipata zonse. Nyama ikamadutsa malire, amafunsa mapepala mbali zonse ziwiri. Kwa nyama ya m'gulu loyamba yochokera kutchire pamafunika chilolezo cholowetsera ndi chilolezo chotulutsira, ndipo cholinga chake chisakhale malonda. Kupatula za CITES, pamafunikanso kalata ya dokotala wa ziweto yotsimikiza kuti nyamayo ilibe matenda, ndipo maiko ena amayamba aisunga payokha kwa masiku angapo. Maiko ena ali ndi malamulo okhwima kuposa panganoli. Australia, mwachitsanzo, salola kugulitsa kunja mbalame zamoyo zachilengedwe za m'dzikomo, ndiye wina akamatsatsa mbalame yoti yangochokera kutchire la kumeneko, ndiye kuti ndi yozembetsa.

Kuno ku Malawi, zilolezo za CITES zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimatha kufika zaka 30 zakundende. Kungopezeka ndi nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu kale, ngakhale munthu atanena kuti wangotumidwa. Izi zikukhudza oyendetsa minibasi, amathiraki ndi onse olandira katundu wa anzawo pa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe. Katoni yoboolaboola mabowo opumira isalandiridwe mwini wake asanaitsegule ndi kuonetsa mapepala.

Sikuti malonda onse a zamoyo ndi oletsedwa. Nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi zakhala zikutumizidwa kunja kwa zaka zambiri ndipo zimapezeka m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Ogwira ntchitoyi amatenga chilolezo ku nthambi yoona za nsomba, ndipo saloledwa kugwira m'madzi otetezedwa a Lake Malawi National Park. Komabe wofuna kulowa m'malondawa adziwe kuti mbuna zambiri zogulitsidwa kunja masiku ano zimaswedwa m'mafamu a komweko ndi a ku Asia, choncho mpikisano ndi waukulu, ndipo ndalama zandege, mpweya ndi mapaketi zimadya phindu.

Wamalonda asanatulutse ndalama ayambe wafunsa dzina lasayansi la nyamayo, chifukwa ndilo limalembedwa pa zilolezo, kenako aone gulu lomwe ili pa mndandanda wa CITES pa intaneti. Kwa mbalame, aone mphete yosadula yomwe imavekedwa kumwendo ikadali mwanapiye, ndipo nambala yake ifanane ndi ya pamapepala. Zilolezo zitengedwe nyama isananyamuke, chifukwa sizikonzedwa pachipata. Powerengera mtengo aphatikize ndalama za zilolezo, dokotala, khola, ulendo ndi chiopsezo choti nyama ifera panjira.

Pomaliza, mtengo wotsika kwambiri ndi chenjezo. Pa Facebook ndi WhatsApp pamapezeka otsatsa zinkhwe pa ndalama zochepa, n'kumauza wogula kuti atumize kaye chikole pafoni. Nthawi zambiri mbalameyo kulibe, ndipo ikakhalapo imakhala yozembetsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa amene akuzengereza kuonetsa mapepala asiyidwe ndi katundu wake.