Phunziro 24: Dias Gomes, mlembi wa masewero a pa kanema

Tiyambe taceza

Kodi munaonapo sewero? Munaseka, kapena munamva cisoni? Nanga ocita sewero aja, mawu amene amanena amawatenga kuti?

Tiwerenge

Ocita sewero pa wailesi ya kanema sanena za m'mutu mwawo. Pali munthu amene amayamba walemba mawuwo pa pepala. Munthuyo ndi mlembi.

Ku dziko la Brazil kunali mlembi wina, dzina lake Dias Gomes. Anthu a ku Brazil amalankhula Cipwitikizi, comwe cija timaphunzira ifenso kusukulu.

Dias Gomes anabadwa mu 1922, mu mzinda wa Salvador. Analemba sewero lake loyamba ali ndi zaka 15. Atakula, analemba masewero a pa wailesi. Mu 1969 anayamba kulemba masewero a pa kanema. Sewero lotere dzina lake ndi novela. Novela siitha tsiku limodzi. Amaionetsa pang'onopang'ono, madzulo ndi madzulo, kwa miyezi yambiri. Conco mlembi sapuma. Lero alemba, mawa alembanso.

Mu 1973 anthu anaonera novela yake ina, O Bem-Amado. Tamvani nkhani yake.

Odorico anali mkulu wa mzinda wa Sucupira. Iye anafuna kuti anthu amutame. Ndiye anamanga manda atsopano. Anadikira maliro kuti atsegulire mandawo ndi mwambo waukulu. Koma palibe amene anamwalira! Wodwala aliyense ankacira, ndipo Odorico ankakwiya. Pomaliza, woyamba kuikidwa m'mandamo anali Odorico yemweyo.

Anthu anaseka kwambiri. Koma anaonanso cinthu cina. Mtsogoleri woganiza za dzina lake lokha sathandiza anthu ake.

Si onse anakondwa ndi zolemba za Dias Gomes. Nthawi imeneyo dziko la Brazil linkalamulidwa ndi asilikali. Mu 1975 boma linaletsa novela yake ya Roque Santeiro. Iye sanataye mtima, anapitiriza kulemba. Patapita zaka 10, mu 1985, ulamuliro wa asilikali unatha. Caka comweco novela ija inaoneka pa kanema. Ulendo uno anailemba pamodzi ndi mnzake, Aguinaldo Silva, ndipo anthu anaikonda zedi.

Dias Gomes anamwalira mu 1999. Koma nkhani zake zilipo, cifukwa anazilemba.

Mawu atsopano

mlembi: munthu wolemba nkhani
sewero: nkhani imene anthu amaicita ena akuonera
novela: sewero lalitali la pa kanema

Tiyankhe

1. Dias Gomes anabadwira m'dziko liti?
2. Anali ndi zaka zingati polemba sewero loyamba?
3. Odorico anamanga ciani?
4. Cifukwa ciani Odorico ankakwiya?
5. Kodi Odorico anali mtsogoleri wabwino? Fotokozani.

Tilembe

le mba, lemba
se ka, seka
ma nda, manda

Za kunyumba

Pemphani agogo kapena amayi akuuzeni nthano yoseketsa. Makolo, thandizani mwana kulemba maina a anthu kapena nyama za m'nthanoyo. Mawa tidzasankha nthano imodzi. Aphunzitsi adzalemba mawu ake pa bolodi, ndipo ife tidzacita sewero.