Nyenyezi Imene Imafufuma ndi Kuphwa

Lachitatu

Werengani Yobu 38:31-33. Kodi Yobu anafunsidwa za magulu ati a nyenyezi?

Gulu la Akamwiniatsatana, limene akatswiri amalitcha Orion, timaliona bwino madzulo m'miyezi ya dzinja. Chakumpoto kwa nyenyezi zitatu zondondozana zija kuli nyenyezi yofiirira yotchedwa Betelgeuse. Ukulu wake ngwodabwitsa. Ikadaikidwa pamene pali dzuwa, ikadameza Mercury, Venus, dziko lathu lino ndi Mars. Kuunika kwake kumayenda zaka zoposa 500 kuti kutifike.

Nyenyeziyi imafufuma ndi kuphwa monga chifuwa cha munthu wopuma. Kutentha kukatsekerezeka m'kati mwake, kumakankhira kunja mpweya wa pamwamba. Mpweyawo ukazizira, kulemera kwa nyenyeziyo kumaukokeranso m'kati. Kufufuma ndi kuphwa kumodzi kumatenga masiku pafupifupi 400, ndipo kuwala kwake kumasintha motsatira.

Kodi tingalakwitse bwanji poweruza ndi maso okha?

Kumapeto kwa 2019 Betelgeuse inayamba kuzilala kopambana masiku onse, ndipo pofika Febuluwale 2020 kuwala kwake kunatsala pafupifupi limodzi la magawo atatu. Ambiri anafulumira kunena kuti yatsala pang'ono kuphulika. Koma ofufuza anapeza kuti inalavula mpweya wochuluka, umene utazizira unasanduka mtambo wa fumbi ndi kuiphimba. Fumbilo ndilo linatchinga maso athu. Pofika Epulo kuwala kwake kunabwerera.

Panalinso chinsinsi china. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaona kusintha kwina kwa kuwalako, kobwereza patapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo ena ankati chikuchititsa ndi nyenyezi yaing'ono yoizungulira. M'chaka cha 2025 ofufuza ogwiritsa ntchito makina oonera kutali a Gemini North ku Hawaii analengeza kuti aona kadontho kowala pambali pake, kamene akukhulupirira kuti ndiyo inzakeyo. Inabisika nthawi yonseyi chifukwa cha kunyezimira kwa yaikuluyo.

Yobu sanathe kuyankha mafunso aja. Ifenso, ngakhale tili ndi makina amphamvu, tikuphunzirabe pang'onopang'ono. Amene anapeza zoona za nyenyeziyi ndi iwo amene anaiyang'anitsitsa moleza mtima.

Zoti tikambirane: Pamene mbale kapena mlongo wayamba kuzilala pakati pathu, kodi timafulumira kunena kuti watayika, kapena timayamba tafufuza mtambo umene wamphimba? Nanga ndani m'kalasi mwathu amene ntchito yake sitiiona chifukwa cha kutchuka kwa ena?