Ana a mimba imodzi, mitima yosiyana: mmene mungawalerere

Pakhomo pamodzi, mlendo akafika, mwana wina amathamanga kukamulandira katundu, pomwe mnzake wabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka mlendoyo atatsanzika. Makolofe timafulumira kuweruza kuti woyambayo ndiye wamva mwambo, wachiwiriyo ngopusa kapena wamwano. Ena amafika poganiza kuti alipo wamuchita chipongwe. Komatu nthawi zambiri palibe amene walakwitsa. Ana amabadwa ndi mitima yosiyana, ndipo ntchito ya kholo imayambira pa kudziwa mtima wa mwana aliyense.

Mu 1956 madokotala awiri a ku New York, Alexander Thomas ndi Stella Chess, anayamba kutsatira ana oposa 130 kuyambira ali makanda. Anapeza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 40 amakhala osavuta, 10 amalira kwambiri ndipo nthawi yawo yodya ndi yogona siidziwika, 15 amachedwa kuzolowera chilichonse chachilendo, otsalawo ali ndi pang'ono za uku ndi uku. Chachikulu chimene anaona nchakuti mwana amakula bwino pamene kaleredwe kagwirizana ndi chibadwa chake. Kafukufuku wa mapasa, kuphatikizapo amene Thomas Bouchard anayamba ku Minnesota mu 1979 pa mapasa okulira m'makomo osiyana, amasonyeza kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa makhalidwe pakati pa anthu limachokera m'magazi. Theka linalo limabwera ndi zimene munthu wakumana nazo, ndipo ngakhale ana a mayi mmodzi sadutsa njira imodzi. Uyu anabadwa chaka cha njala, uyo fodya atagulidwa bwino. Uyu anakulira kwa agogo ku Massangulo, uyo kwa amalume kutsidya ku Mangochi. Zoti wachisamba amakhala wofatsa ndipo mzime ndi wosamva, akatswiri a ku Germany anaziyesa mu 2015 pa anthu oposa 20,000 ndipo sanapeze umboni wake.

Akatswiri ambiri amayang'ana mbali zisanu za khalidwe la munthu: kukonda anthu ndi macheza, kusamala ndi kumaliza ntchito, kugwirizana ndi ena, kufulumira kuda nkhawa, ndi chidwi pa zinthu zatsopano. Musaziloweze ngati za mayeso. Ingotengani masabata angapo mukuyang'ana mwana wanu pa zisanuzi, kunyumba, kudimba, pakati pa anzake, ndipo mufunseko agogo ake ndi aphunzitsi. Mwana amene ali zii pamaso pa bambo ake mwina ndiye mtsogoleri wa masewera kubwalo.

Tiyambe ndi khanda lofatsa, poti apa pagona moyo. Dokotala Marten deVries anayeza makanda a Amasai ku Kenya mu 1974, chilala chitavuta. Atabwerera patapita miyezi, anapeza kuti mwa makanda 7 ofatsa amene anawalondola, 5 anali atamwalira, pomwe mwa 6 olira kwambiri anamwalira mmodzi yekha. Anawo anali ochepa, choncho tisamangirepo lamulo, koma chenjezo lake nlomveka: wolira amayamwitsidwa, wongokhala duu amaiwalika. Amayi, khanda losalira musalidikire kuti lipemphe bere. Liyamwitseni pafupipafupi. Likayamba kudya, lipatseni mbale yakeyake, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka, chifukwa pa mbale ya onse wofatsa amangotola nyenyeswa.

Mwana wamanyazi amavutika ndi njira ziwiri zimene timakonda. Ina ndi kumukankhira pagulu ndi mawu akuti "lankhula, ulibe pakamwa?" Inayo ndi kumuyankhira chilichonse mpaka asadzayesenso. Jerome Kagan wa ku Harvard anapeza kuti pafupifupi khanda limodzi mwa asanu limadzidzimuka ndi kulira kwambiri likaona zachilendo lili ndi miyezi inayi yokha. Ambiri mwa makanda amenewo sanakule ali amantha kwambiri, komanso ndi ochepa amene anasanduka olongolola. Ndiye musayembekeze kumusandutsa munthu wina. Muuzeni dzulo lake kuti mawa kubwera alendo, ndi akuti, ndipo iye angowapatsa moni ndi madzi basi. Kumsika wa Mandimba apite kaye ndi mkulu wake kangapo, kenako mumtume yekha kukagula mchere paokala yapafupi. Akayamba sukulu kumbukirani kuti akulimbana ndi ziwiri: nkhope zachilendo, ndiponso Chipwitikizi chimene mwina kunyumba sachimva, poti ife timacheza m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakua. Kukhala chete kwake m'kalasi sikutanthauza kuti mutu sugwira. Kaonaneni ndi aphunzitsi, muwapemphe kuti poyamba azimufunsa payekha.

Mwana wosakhazikika, amene mukamutuma madzi amabwerako ndi nkhani za mpira, ndodo siimuchotsa mphamvuzo. Imangomuphunzitsa kubisa. Mpatseni ntchito zoyenda: kuthamangitsa mbalame kumunda wa mpunga, kukusa mbuzi, kukapereka uthenga. Muuzeni chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo abwereze chimene mwanena asananyamuke. Ndalama muyambe ndi ma meticais ochepa, abweze chenji, muwerengere limodzi. Malamulo akhale ochepa koma osasunthika. Limodzi mwa iwo likhale la msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, popeza mwana wamtima uwu ndi amene amawoloka asanayang'ane. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri anatsatira ana oposa 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973, ndipo anaona kuti odziletsa ali ana anadzakhala ndi thanzi labwinopo ndi ngongole zochepa atakula. Anaonanso kuti ena anaphunzira kudziletsako m'kupita kwa zaka, zinthu nkuwayendera bwino. Mwambi uja wakuti kuwongola mtengo mpoyamba uli ndi choonadi chake, koma munthu amapitirira kukhwima ngakhale atadutsa zaka makumi awiri. Mnyamata wa zaka 15 musamutaye mtima.

Pali mwana winanso amene sitimudandaula konse, ndipo ine ndi amene ndimamuopera. Robert Serpell wa pa yunivesite ya Zambia, m'zaka za m'ma 1970, ankafunsa akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete kuti pakagwa ntchito yofunika angatume mwana uti. Mayankho anaonetsa kuti kwa iwo mwana wanzeru sangokhala wochenjera, koma wotumika ndi wokhulupirika. Nafenso timaganiza motero, ndipo nzoona. Vuto nlakuti wotumikayo timamusenzetsa zonse. Amatunga madzi, amabereka mwana, amakagaitsa, mpaka kujomba kusukulu, pomwe wokana uja akusewera. Kawirikawiri amakhala mtsikana, ndipo poti sadandaula timayesa kuti satopa. Gawani ntchito poyera, aliyense adziwe yake, ndipo womverayo mumuphunzitsenso kuti pali zina zoyenera kukana, ngakhale wotuma ali wamkulu.

Mayina achipongwe asiyeni. Mwana amene amamva tsiku ndi tsiku kuti "ndiwe waulesi" amaleka kuyesa. Dzudzulani chimene wachita: "Mbale sunatsuke, katsuke tsopano." Musamuyerekezenso ndi mbale wake pamaso pa anthu, chifukwa chidani choyambira apa chimafika mpaka pa nkhani ya minda makolo atapita. Abambo ndi amayi, dziyang'aneninso nokha. Kholo lokonda macheza limaona ngati mwana wachete akulinyoza, kholo lachete limatopa msanga ndi wolongolola, ndipo mwana amene timati ngovuta nthawi zina ndi amene wangosiyana nafe.

Si zonse zimene zili chibadwa. Chibadwa chimaoneka kuyambira kale ndipo chimasintha pang'onopang'ono. Mwana amene anali wansangala nkungozizira mwadzidzidzi, kuleka kusewera kapena kuyambanso kukodza pogona, funani chifukwa: matenda, njala, kuzunzidwa ndi anzake, kapena munthu wamkulu amene akumuchita zoipa. Yang'anani zikhatho ndi mkati mwa zikope. Zikayera, mwina magazi achepa chifukwa cha malungo kapena njoka zam'mimba, ndipo mwana wotere amaoneka ngati waulesi. Kwa ana osamba ku Amaramba, ku Chiuta kapena m'madambo, funsani ngati mkodzo ukutuluka ndi magazi, chomwe ndi chizindikiro cha likodzo. Amene sayankha mukamuitanira kumbuyo, makamaka ngati khutu linatulukapo mafinya, akayezedwe makutu musanamutche wamwano. Amene amangoti tong'o kwa kanthawi osadziwa chimene chachitika, nayenso apite kuchipatala, ndipo mutenge khadi lake lakusikelo kuti anamwino aone mmene wakhala akukulira.