Kuyenda ndi Ana pa Nyengo ya Chisanu: Phunziro kwa Makolo

Ambiri mwa ife tili ndi ana kapena adzukulu amene adachoka kuno kwa Mavwere nakakhala mu mzinda wa Lilongwe. Ena ali ku Chinsapo, ena ku Mtandire, ena ku Kawale ndi ku Area 25. Phunziro la lero lilunjika kwa iwo, ndiponso kwa ife otsala kumudzi amene tiwalandira pa tchuthi.

Kumudzi kuno chisanu sichisowetsa mwana chochita. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza uli kuuma pabwalo, anyamata ali kuthengo kukumba mbewa, ndipo madzulo onse asonkhana pamoto kuotcha mbatata. Koma mwana wa m'tauni, makamaka wa m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, chisanu chikafika angotsekeredwa m'nyumba pafupi ndi mbaula. Makolo ayesa kuti ali kumteteza, osadziwa kuti m'nyumba yotseka muli zoopsa zoposa za kunja. Tsono chimene tifuna kuphunzira ndi ichi: masana a chisanu tiziyenda ndi ana athu, ndipo madzulo tizikhala nawo pamodzi mosamala.

1. Chisanu chichokera kuti?

Dziko lapansi pozungulira dzuwa liyenda lopendekeka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mbali ya kumwera, kumene kuli Malawi, ndiyo ifulatira dzuwa pang'ono, kotero kuti dzuwa lichepa mphamvu ndipo usana ufupika. Tsiku lalifupi koposa lidza pa 21 Juni kapena pafupi ndi pamenepo. Nchifukwa chake ife tikamanjenjemera, anthu a ku Ulaya ali m'nyengo yotentha, ndipo chawo chisanu chiwapeza pa Khirisimasi.

Lilongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Mchinji ngwokwera pang'ono kuposa apo. Usiku wopanda mitambo kutentha kwa nthaka kuthawira kumwamba, motero m'bandakucha kuzizira kufika madigiri 10 kapena kutsikirapo. Koma dzuwa likakwera kunja kufunda mpaka kupitirira madigiri 20. Mwana wamng'ono ataya kutentha kwa thupi msanga kuposa munthu wamkulu, choncho nthawi yabwino yotuluka naye ndi kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 3 koloko masana. Mvekeni zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka, kuti dzuwa likatentha mumvule chimodzi, likapendeka mumvekenso. Khanda lisasowe chipewa ndi masokosi.

Tisaiwale ubwino wa nyengo imeneyi. Mvula palibe, matope palibe, udzudzu wachepa, ndipo dzuwa silipsereza monga la Okutobala. Pa chaka chonse palibe nyengo ina yoyenera ulendo wa ana kuposa iyi.

2. Malo a mu mzinda

Pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango yotetezedwa, ndipo m'menemo muli Lilongwe Wildlife Centre. Ntchito yake yaikulu ndi kusamalira nyama zakuthengo zovulala kapena zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mobisa. Alendo apereka ndalama pakhomo, ndipo ayenda m'tinjira ta m'nkhalangomo. Mwana wobadwira m'tauni angathe kuona kumeneko apusi, mbalame za mitundumitundu ndi mitengo yachilengedwe imene ku Chinsapo idatha kalekale. Muuzeni dzina la mtengo uliwonse umene muudziwa ndi ntchito yake. Mumletse kuponyera nyama chakudya, ndipo mumgwire dzanja pafupi ndi madzi, pakuti mu Lingadzi muli ng'ona.

Ku City Centre kuli chiliza cha Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adamwalira mu 1997. Chilizacho chidatsegulidwa mu 2006. Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo imene idatsegulidwa mu 2010. Ku Area 18 kuli nsanja yokumbukira asilikali amene adafera pa nkhondo. Mwana wa zaka zisanu sangamve mbiri yonse, koma akamva kuti kale likulu la dziko linali ku Zomba ndipo lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, adzafunsa mafunso, ndipo pamenepo ndiye poyambira nzeru.

Ulendo wotere sulira ndalama zambiri. Nyamulani madzi akumwa, mbatata yophika, nzimbe kapena manachesi, pakuti ino ndi nyengo yake. Koma mwana wosakwana zaka zitatu musampatse mtedza wosasinja, ungamtsamwe.

Chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, umene tidalandira pa 6 Julayi 1964, chigweranso m'chisanu momwemo, ndipo ana akonda kukaona. Apa tichenjezane. Pa 6 Julayi 2017 anthu asanu ndi atatu adafa pokankhana pa zipata za bwalo la Bingu National Stadium, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Pamene pali chinamtindi cha anthu olimbirana khomo limodzi si pamalo pa mwana wamng'ono, ndipo mwana mnzake wa zaka khumi sangakhale mlezi wake pamalo potere.

3. Ulendo wa kumudzi

Ulendo woposa onse ndi wa kwa agogo. Sukulu zikatsekera chakumapeto kwa Julayi, kwerani minibasi ya ku Mchinji. Msewu wochokera ku Lilongwe kufika ku Mchinji Boma utalika makilomita pafupifupi 110, ndipo wa kwa Mavwere atsikira panjira, atapitirira Msundwe ndi Namitete. Mwana akhale pambali panu cha ku zenera, ndipo muzimtchulira maina a malo ndi mitsinje.

Kumudzi mwana aone ndi maso ake kumene nsima ichokera. Atongole nawo chimanga, asende nawo mtedza, apite kudimba kukathirira ndiwo. Aphunzire kugwada popereka moni ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Adziwe amalume ake, amene pa mwambo wathu wa Chichewa ndiwo eni mbumba, ndipo adziwe ngati ali Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, ndi amene ali abale ake. Tsiku lina mwana ameneyu adzafuna nkhoswe, ndipo sadzaipeza pa lamya ya m'manja. Akulu adati m'mera mpoyamba.

Amene angathe apitirize ulendo kufika ku Boma, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, ndi ku Kachebere, m'malire a Zambia, kumene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni mu 1903. Ana adzazizwa kumva kuti tsidya lina la malirewo anthu ayankhula chinenero chomwechi.

Ndipo ife a kumudzi tiwalandire bwino ana amenewa. Tisawaseke akalephera kusenza ndowa kapena akaopa mbuzi, pakuti mwana wosekedwa sadzafunanso kubwera.

4. Madzulo pamodzi

Ngakhale amene alibe ndalama ya ulendo ali nacho chopatsa ana. Pabwalo la nyumba kapena la sukulu pakwanira phada, fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga. Bambo amene akhala pansi ndi mwana wake kupanga galimoto ya mawaya, mwanayo sadzaiwala.

Dzuwa likalowa, zimitsani wailesi ndi kanema kwa kanthawi. Yambani nthano, ana avomere kuti "Tili tonse." Aponyereni zilape. Usiku wina magetsi akazima, afunditseni bulangete ndi kutuluka nawo pakhomo kwa mphindi zochepa kukaona mlalang'amba, pakuti thambo la chisanu likhala loyera. Zimenezi ndizo zidatilera ife, ndipo sizigulidwa.

5. Adani atatu a mwana pa chisanu

Woyamba ndi mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya woipa umene madokotala autcha carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo ukalowa m'magazi ulanda malo a mpweya wabwino. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka agona tulo tosadzukanso, ndipo mwana ndiye ayamba kugonja. Makala ofiira osafuka utsi nawonso apha. Lamulo ndi limodzi: mbaula ituluke panja musanagone, ndipo poota moto zenera kapena chitseko chikhale chotsegula. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda chotere, mtulutseni panja msanga ndi kuthamanga naye kuchipatala.

Wachiwiri ndi kupsa. Mwana wokwawa sadziwa moto, phala lotentha kapena madzi osamba. Akapsa, thirani pabalapo madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mafuta, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera, thupi lonse mulifunditse, ndipo pitani naye kuchipatala.

Wachitatu ndi chibayo. Chimfine ndi chifuwa zidza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tifalikira msanga anthu akathithikana m'nyumba yotseka, ndipo utsi ufooketsa mapapo a mwana. Mwana akamatsokomola, werengani mpweya wake kwa mphindi imodzi ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri kufikira chaka akapuma ka 50, wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu akapuma ka 40, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche. Katemera woteteza ku chibayo adayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011. Onani m'buku la kusikelo ngati mwana wanu adalandira onse.

Kwa akatekisiti ndi atsogoleri a Miphakati

Werengani phunziro ili pa msonkhano wanu, ndipo mulitumize kwa abale a ku tauni. Mabanja atatu kapena anayi angathe kusonkherana ndalama ya minibasi ndi kamba wa panjira, nasankha tsiku limodzi la Loweruka. Potero musasiye mwana wamasiye kapena wa mayi amene ali yekha, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pokambirana mufunsane mafunso awa:

1. Kodi ana athu aang'ono akhala kuti, ndipo ali ndi yani, masana a chisanu ife tikapita ku ntchito kapena ku geni?

2. Kodi m'dera lathu muli mabanja amene agona ndi mbaula chifukwa chosowa zofunda? Tingawathandize bwanji sabata ino?

3. Kodi ana athu adafika liti kumudzi, ndipo angatchule maina a agogo ndi amalume awo?

4. Ndani mwa ife angaonetse anzake kawerengedwe ka mpweya wa mwana wodwala?