Kodi munthu amasiya liti kukula?

Tiyeni tiwerenge tsambali tisanakumane sabata ino.

Mawu a misinkhu ya munthu tili nawo kale: khanda, buthu, namwali, ntchembere, nkhalamba. Anamkungwi sapatsa buthu mwambo wa ntchembere, chifukwa msinkhu uliwonse uli ndi zake. Akatswiri a maganizo a munthu nawonso anafufuza misinkhuyi, ndipo awiri mwa iwo angatithandize pa utumiki wathu kuno ku Mchinji.

Jean Piaget wa ku Switzerland ankayang'anitsitsa momwe ana amaganizira, kuphatikizapo ana ake omwe. Anapeza kuti mwana wamng'ono amamvetsa zimene akuziona ndi kuzigwira, koma akafika zaka 11 kapena 12 amayamba kulingalira zosaoneka ndi maso, monga chilungamo ndi tsogolo. Mwana amene dzana ankangovomera zilizonse, lero akufunsa chifukwa chake venda wogula mtedza pa Kamwendo ndiye amanena mtengo, pamene anavutika kumunda ndi amayi ake. Ambiri timati mwanayo wayamba mwano. Kwa Piaget, nzeru zake zatseguka.

Erik Erikson, yemwe anabadwira ku Germany mu 1902, sanalekere pa ana. M'buku lake la 1950, Childhood and Society, anagawa moyo wonse m'misinkhu 8, uliwonse ndi funso lake. Khanda limafuna kudziwa ngati anthu ndi odalirika. Wachinyamata amafunsa kuti, "Ine ndine yani?"

M'boma la m'malire ngati lathuli, funsoli ndi lolemera. Mnyamata wa zaka 14 ali ndi amalume ku Chipata, kumudzi ndi Mngoni kapena Mchewa, kusukulu akulimbana ndi Chingerezi, pafoni akuona moyo wa ku Johannesburg. Pakapanda womuthandiza kuyankha, ena amamuyankhira: wozembetsa katundu m'njira zachidule, kapena, kwa mtsikana, bambo wofuna banja. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, komabe mtsikana amafunika anthu omuthandiza kuona chimene angadzakhale. Pa Chibahá'í munthu amayamba kusenza yekha udindo wauzimu, monga pemphero ndi kusala kudya, akakwana zaka 15. Zaka zitatu za m'mbuyo mwake n'zokonzekera, ndipo n'zimene magulu a achisodzera ndi Buku 5 la Ruhi amalimbana nazo.

Tsono pali msinkhu wachisanu ndi chiwiri, umene ambiri m'gulu lathu tilimo kapena tikulowamo. Erikson anati munthu wamkulu amakula polera ndi kuphunzitsa mbadwo wobwera, osati ana obereka yekha okha. Akapanda kutero amaima ngati madzi a pachithaphwi. Apa tiganizepo mofatsa. Kawirikawiri timaona ngati kuphunzitsa kalasi la ana n'kuthandiza anawo basi, mwinanso kuwachitira chifundo. Koma mayi amene amayala mphasa pansi pa mtengo wa mango Loweruka lililonse nayenso akukula, pakuti akuphunzira kuleza mtima, kumvetsera ndi kulankhula pagulu.

Tisamange zaka zimenezi ngati lamulo. Akatswiriwa ankaona kwambiri ana a ku Ulaya ndi ku America, pamene kwathu kuno mtsikana wa zaka 13 amakhala akulera kale abale ake. Ndiponso mndandanda wa Erikson umathera pa ukalamba. M'Buku 1 tinaphunzira kuti mzimu umapitiriza kukula munthu akamwalira, ndipo moyo uno uli ngati m'mimba, m'mene mwana amamera maso ndi miyendo yoti adzagwiritse ntchito akabadwa.

Tikakumana tikambirane izi:

1. Ndi ana ati a zaka 12 mpaka 15 m'mudzi mwathu amene sali m'gulu lililonse, ndipo masana amakhala ndi yani?
2. Mwana akatifunsa funso lovuta pamaso pa alendo, timamuyankha bwanji?
3. Agogo athu angatenge mbali yanji m'kalasi la ana?