Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko: Udindo wa Mlangizi Pokonzetsa Mapologalamu Opangira Mapulani a Ulimi Wothirira

MAWU OTSOGOLERA

Damu lisanamangidwe kapena ngalande isanakumbidwe, injiniya amayenera kuyankha mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti: kodi mtsinje udzapereka madzi ochuluka bwanji mwezi uliwonse, makamaka m'chilimwe? Lachiwiri ndi lakuti: kodi mbewu zimene alimi adzabzala zidzamwa madzi ochuluka bwanji? Kale mayankho ake ankawerengedwa pamanja, koma masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi mapologalamu a kompyuta. Kukula kwa damu, kukula kwa mapaipi, mphamvu ya injini yopopera madzi ndiponso chiwerengero cha mahekitala oti athiriridwe, zonsezi zimachokera pa manambala amene pologalamu yatulutsa.

Alangizi ambiri a zaulimi amaona ngati mapologalamuwa ndi nkhani ya mainjiniya okha. Komatu sikimu ikatsegulidwa injiniya amapita kukagwira ntchito kwina, ndipo amene amatsala ndi alimi ndi mlangizi. Iye ndiye amaona madzi akuphwa m'damu mu Okutobala, chimanga chitangomasula. Phunziro lino likusonyeza kuti mapologalamu amasintha pamene ogwiritsa ntchito apereka umboni woyezedwa ndi wolembedwa bwino, ndiponso kuti umboni wambiri wotere uli m'manja mwa alangizi.

POLOGALAMU YOBADWIRA KU JOHANNESBURG

M'chaka cha 1973, katswiri wina wotchedwa W. V. Pitman, wa nthambi yofufuza za madzi pa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, adafalitsa njira yowerengera madzi a mumtsinje pogwiritsa ntchito mvula. Vuto limene ankafuna kuthetsa n'lodziwika m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa: malo oyezera mvula ndi ambiri ndipo ena ali ndi mabuku a zaka zochuluka, koma malo oyezera madzi a m'mitsinje ndi ochepa. Injiniya wofuna kumanga damu pa mtsinje umene sudayezedwepo amasowa pogwira.

Njira ya Pitman imatenga mvula ya mwezi uliwonse ndi kuigawa. Ina imatsalira pa masamba a zomera, ina imalowa m'nthaka, ina imabwerera kumwamba ngati nthunzi, ndipo yotsalayo imafika mumtsinje. Pali manambala angapo oimira khalidwe la dera, monga kuchuluka kwa madzi amene nthaka ingasunge. Manambalawa amasinthidwasinthidwa kufikira zotsatira za pologalamu zitafanana ndi madzi amene adayezedwadi pa mtsinje wina, kenaka amabwerekedwa kukagwiritsidwa ntchito pa mitsinje yoyandikana nawo imene ilibe zoyezera.

Poyamba njirayi inkayendetsedwa pa makompyuta akuluakulu a ku yunivesite. Pambuyo pake idalembedwanso kuti iyende pa makompyuta a pa desiki, ndipo idatchedwa WRSM90, kenaka WRSM2000. Ndiyo idagwiritsidwa ntchito pa kalembera wa madzi wotchedwa WR90, amene adasindikizidwa mu 1994 ndi thandizo la bungwe la Water Research Commission la ku Pretoria. Kalemberayu adagawa South Africa, Lesotho ndi dziko limene lero likutchedwa Eswatini m'zigawo za mitsinje zokwana 1,946. Makalembera ena adatsatira, WR2005 ndi WR2012.

MMENE POLOGALAMUYI IDAKULIRA

Pologalamu ya lero si yofanana ndi ya 1973. Pa zaka zonsezi idawonjezeredwa zigawo, ndipo chigawo chilichonse chidadza chifukwa cha chinthu chimene chidaoneka kunja kwa ofesi. Minda ikuluikulu ya mitengo ya paini ndi bulugama inkachepetsa madzi a m'mitsinje, kotero kuti lamulo la madzi la South Africa la 1998 lidaika ulimi wa mitengo yotere m'gulu la ntchito zochepetsa madzi. Pologalamu idayenera kuwerengera zimenezi. Chimodzimodzinso mitengo yachilendo yomera yokha m'mbali mwa mitsinje, imene boma la dzikolo lidayamba kulimbana nayo mu 1995 kudzera mu ntchito ya Working for Water. Njira zowerengera madzi othirira mbewu ndi madzi obwerera mumtsinje kuchokera m'minda nazo zidakonzedwanso.

Kusintha kwina kudachokera kwa amene adatenga pologalamuyi ndi kukaiyesa kutali ndi kumene idabadwira. M'zaka za m'ma 1990 idayesedwa pa mitsinje ya mayiko angapo a m'chigawo chino pansi pa ntchito ya FRIEND ya bungwe la UNESCO. Katswiri wa pa Yunivesite ya Rhodes, Denis Hughes, adawonjezera mu 2004 chigawo chowerengera madzi a pansi pa nthaka, amene amayendetsa mitsinje m'chilimwe. Mu 2014 iye pamodzi ndi anzake adafalitsa chigawo cha madambo akuluakulu. Chifukwa chake n'chakuti malo ngati dambo la Kafue ku Zambia, limene ndi lalikulu kuposa masikweya kilomita 6,000, amasunga madzi a dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono, ndipo ambiri amauma ali pomwepo. Pologalamu yosadziwa zimenezi imasonyeza madzi akufika kumunsi msanga ndiponso ochuluka kuposa mmene zilili.

Phunziro lake n'lakuti olemba pologalamu sangaone dera lililonse. Amadziwa kuti pologalamu yaperewera pokhapokha wina atawaonetsa manambala a pologalamu pambali pa manambala oyezedwa.

MBALI YA MBEWU

Funso lachiwiri la injiniya, la madzi amene mbewu imamwa, lili ndi mbiri yofanana. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la FAO lidasindikiza buku lake la nambala 24 la za kuthirira, momwe mudali njira ya Penman yokonzedwanso. Akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana atayerekeza njirayi ndi zimene ankayeza m'minda ya kafukufuku, adapeza kuti kawirikawiri inkachulutsa madzi. Mu Meyi 1990 bungweli lidaitanitsa msonkhano wa akatswiri ku Rome, ndipo adagwirizana zotenga njira ya Penman-Monteith. Njirayi ndiyo ili mu pologalamu ya CROPWAT, imene idafalitsidwa mu 1992, komanso m'buku la nambala 56 la 1998. Ku South Africa bungwe la Water Research Commission lidathandiza kulemba SAPWAT, yomangidwa pa maziko omwewo koma yokhala ndi nyengo ndi mbewu za m'dzikolo.

Bukulo la nambala 56 limapereka masiku a chimanga kuyambira pa 125 kufikira pa 180, malingana ndi dera, ndipo limachenjeza kuti manambala oyezedwa pa malo enieni ndiwo ayenera kutsogola. Injiniya amene alibe manambala a m'deralo amangotenga a m'buku. Koma mlangizi amadziwa mtundu wa chimanga chimene alimi amabzala, tsiku limene amabzala, ndiponso ngati amachikolola chachiwisi kuti akagulitse kapena amadikira kuti chiume.

KULAKWITSA PANG'ONO, CHIONONGEKO CHACHIKULU

Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mwachitsanzo, pa sikimu ya mahekitala 10, pulani ikachepetsa madzi ndi milimita imodzi yokha pa tsiku, ndiye kuti tsiku lililonse pakusowa malita 100,000. Pa masiku 120 malitawo akwana 12,000,000. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 pa nyengo yonse. Tikatenga mamilimita 600, hekitala imodzi ifuna malita 6,000,000. Choncho madzi osowawo ndi a mahekitala awiri athunthu. Ngati banja lililonse lili ndi munda wa mahekitala 0.1, amenewo ndi mabanja 20, ndipo kawirikawiri amakhala a kumapeto kwa ngalande. Pulani ikachulutsa madzi, vuto limakhala lina: mapaipi ndi injini zimakula mopitirira, ngongole imalemera, kapena mabanja ena amakanizidwa malo pamene madzi akadakwanira.

ZOYENERA KUYEZA NDI KULEMBA

Dandaulo lakuti pologalamu imanama silithandiza wina aliyense. Chothandiza ndi buku losungidwa bwino. Mlangizi alembe mvula tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi m'mawa. Tsiku limene choyezera sichidawerengedwe lisiyidwe lopanda kanthu, lisalembedwe 0, pakuti pologalamu imatenga 0 ngati tsiku lopanda mvula. M'damu muzikidwe ndodo yolembedwa miyeso, ndipo iwerengedwe sabata iliyonse. Madzi otuluka pa paipi angayezedwe ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi, katatu, ndi kutenga nambala ya pakati. Alembenso mwezi umene mtsinje umasiya kuyenda, masiku obzala, omasula ndi okhwima a mbewu iliyonse, ndiponso ngati m'mundamo muli mbewu zosakaniza monga chimanga ndi nandolo kapena nyemba. Za madimba zilembedwe padera, chifukwa mbewu za m'dimba zimamwanso chinyontho chochokera pansi, chimene pulani ingaiwale.

KALEMBEDWE KA LIPOTI

Asanalembe, mlangizi akhale pansi ndi injiniya wa m'boma lake kuti asiyanitse mitundu itatu ya mavuto. Woyamba ndi kulakwitsa polowetsa manambala, monga kusokoneza maekala ndi mahekitala. Vuto ili limathera pomwepo. Wachiwiri ndi cholakwika cha m'kati mwa pologalamu, pamene manambala olondola atulutsa yankho losatheka. Wachitatu ndi chinthu chimene pologalamu ilibiretu, monga mmene zidalili ndi madambo. Mitundu iwiri yotsirizayi ndiyo yoyenera kutumizidwa kwa olemba pologalamu.

Lipoti labwino likhale ndi zinthu izi:

1. Dzina la pologalamu ndi nambala ya mtundu wake, pakuti cholakwikacho mwina chidakonzedwa kale m'mtundu watsopano.
2. Malo: boma, mtsinje, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, ndi mtundu wa nthaka.
3. Manambala onse amene adalowetsedwa, kuti munthu wina akawalowetsa apeze yankho lomwelo.
4. Yankho la pologalamu pambali pa zimene zidayezedwa, pamodzi ndi masiku ndi njira yoyezera.
5. Zimene kusiyanako kwadzetsa: mahekitala ofota, mabanja okhudzidwa, masiku amene madzi adasowa.
6. Pempho limodzi lomveka bwino. Mavuto awiri alembedwe m'malipoti awiri.

Mfundo yachitatu ndiyo yofunika koposa. Wolemba pologalamu sangakonze cholakwika chimene walephera kuchiona ndi maso ake pa kompyuta yake. Mfundo yachisanu ndiyo imamuthandiza kusankha choyambira, chifukwa mapempho amakhala ambiri kuposa anthu ndi ndalama zogwirira ntchitoyo.

NJIRA ZOTUMIZIRA

Lipoti lidutse ku malo a kafukufuku, kumene akatswiri angalitsimikize ndi kuliphatikiza ndi ena: ku Malawi kuli Kasinthula ndi Chitedze, ku Zambia kuli Nanga ndi Msekera. Kuchokera kumeneko lipite ku bungwe losunga pologalamuyo, limene dzina lake limapezeka m'buku la malangizo. Maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mapologalamu ndi mpata winanso, pakuti ophunzitsa nthawi zambiri amakhala olemba ake kapena oyandikana nawo. Wopita ku maphunziro otere anyamule manambala a sikimu yake, ndipo apemphe kuti ayesedwe m'kalasi.

Malire a mayiko asalepheretse alangizi kugwirizana. Chipata, Mchinji ndi Angónia ali ndi nyengo, nthaka ndi malimidwe ofanana. Lipoti lochokera ku sikimu imodzi lingatengedwe ngati ngozi ya pamalo amodzi, koma vuto lomwelo likatuluka m'mayiko atatu, lolembedwa mofanana, limasanduka chifukwa chosinthira pologalamu. Mutu umodzi susenza denga.

Pafunikanso kudekha. Pologalamu ya EPANET, yopangira mapulani a mapaipi, idatuluka ku America mu 1993. Kwa zaka zambiri inkawerenga ngati kuti mpopi uliwonse umalandira madzi onse ofunika ngakhale mphamvu ya madzi itachepa, chinthu chimene ogwiritsa ntchito ankadziwa kuti sichichitika. Njira yowerengera madzi molingana ndi mphamvu yake idalowa m'mtundu wa 2.2, umene udatuluka mu 2020. Podikira kusintha kotere, lipoti limagwirabe ntchito: injiniya wa sikimu yotsatira m'dera lomwelo amaligwiritsa ntchito kukonza manambala ake asanayambe kumanga.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA ALANGIZI

1. Kodi ndi masikimu angati m'dera lino amene ali ndi buku la mvula losadumpha kwa zaka zitatu?
2. Kodi pulani ya sikimu ina iliyonse idatenga masiku angati a chimanga, ndipo alimi amakolola patatha masiku angati?
3. Kodi ndi mwezi uti umene madzi amayamba kuperewera, ndipo pulani idanena mwezi uti?
4. Ndani m'boma lino adzasonkhanitsa malipoti ndi kuwatumiza ku malo a kafukufuku nyengo ya chilimwe ikatha?