Ndodo, rili ndi mbedza: mafunso a wowedza m'bwato ku Chikwa

Kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, nsomba ndi ndiwo, ndipo kwa ena ndiyo imagula mchere ndi sopo. Kuyambira kale anthu amawedza ndi bango ndi ulusi wa m'manja. Koma lero achinyamata akuona pafoni alendo a ku Kariba ndi ku Lower Zambezi akuponya ndodo zonyezimira zokhala ndi rili, ena atakhala m'timabwato tapulasitiki ta kayaki, ndiye mafunso achuluka. Nawa amene amabwera kawirikawiri.

Ndalama ndili nayo yochepa. Ndiyambe kugula chiyani?

Mbedza. Yambirani kumene nsomba imaluma n'kumabwerera cha kudzanja lanu: mbedza, waya, ulusi, rili, ndodo pomalizira. Ambiri amazondotsa. Ndalama yonse imathera pa ndodo yoti anthu aione, kenaka amamangirira kambedza kotchipa kamene kamawongoka mlamba ukangogwedeza mutu. Nsomba siona ndodo.

Ndodo ya m'bwato italike bwanji?

Mamita 1.8 mpaka 2.1. Ya pamtunda ikhoza kufika mamita 3 kapena kuposa, chifukwa pagombe mumafuna kuponya kutali. M'bwato mwafika kale pamene pali nsomba. Chimene mukufuna n'chakuti ulusi ukakulungana kunsonga muufikire muli chikhalire, popeza kuimirira m'bwato logoba n'kuitana tsoka. Komanso isafupike kwambiri: nsomba ikathawira mbali ina ya bwato, nsonga ya ndodo iyenera kudutsa kutsogolo kwa bwatolo osakukakamizani kusuntha. Chogwirira chikhale chachifupi, chisamakugundeni pamimba.

Sankhani ya faibagalasi. Ndi yolemera pang'ono, koma mukaiponda kapena kuimenyetsa pankhafi imapirira. Ya kaboni ndi yopepuka ndipo imakumvetsani ngakhale kansomba kakangolawa nyambo, koma ikalandira kachibala kakang'ono imadzathyokera pomwepo tsiku limene mwakola nsomba yeniyeni. Zija zolowetsana ngati eriyo ya wailesi zisiyeni m'sitolo: mchenga ukalowa m'mfundo zake, sizitsegukanso kapena sizitsekekanso. Yamagawo awiri ndiyo yabwino, imamangika panjinga.

Nanga bango kapena nsungwi zatha ntchito?

Ayi. Pa nsomba za mtundu wa chambo m'mathamanda, nsungwi yowuma bwino imakola mofanana ndi ndodo ya ku Lusaka, ndipo ikagwera m'madzi simuilirira.

Rili yotani?

Yolendewera pansi pa ndodo, imene m'masitolo amati spinning, ya saizi 3000 kapena 4000. Imanyamula ulusi wokwanira ndipo mwana akhoza kuiphunzira tsiku limodzi. Yokhala pamwamba pa ndodo, ya baitcaster, imafuna chala chozolowera. Mukalakwitsa pang'ono ulusi umapotana, ndipo mudzathera m'mawa wonse mukumasula mfundo madzi akukutengani.

Wogulitsa adzakuuzani kuti yake ili ndi mabering'i 12. Musagwe nazo. Rili ya mabering'i 4 abwino imaposa ya 12 achabechabe. Chofunika kuyesa ndi buleki yake, kachitsekerero kaja ka pamwamba kamene kamalola ulusi kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Kamangeni pang'ono, kokani ulusi ndi dzanja. Ukamatuluka mosalala, gulani. Ukamatuluka modukizadukiza, bwezani, chifukwa pa kudukiza pamenepo ndi pamene ulusi umadukira.

Mdani wa rili pa Luangwa ndi mchenga. Mtsinjewu, kuchokera kumapiri a Mafinga mpaka kukathira mu Zambezi, umanyamula mchenga ndi matope ambiri, ndipo pansi pa bwato sipauma. Rili isagone pansipo. Mukafika kunyumba ipukuteni, mudonthezemo mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo.

Ine ndimafuna ulusi wolimba woti nsomba iliyonse isadule. Pali cholakwika?

Chilipo, ndipo pa mafunso onsewa ili ndilo lalikulu. Pamtunda, ulusi wosaduka umakupatsani nsomba. M'bwato, ulusi wosaduka umakupatsani kwa nsomba. Vundu, mlamba wamkulu uja wa m'maiwe akuya, amatha kupitirira makilogalamu 50. Akaluma n'kuthawira m'mbali, bwato lopapatiza limapendekeka msanga kuposa mmene dzanja lingaganizire. Ndipo si nsomba yokha. Chaka chilichonse Luangwa amagumula magombe n'kugwetsera mitengo yathunthu m'madzi, moti mbedza kukodwa pa chitsa ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mbedza yakodwa, madzi akukankha bwato, ulusi sukuduka: bwato limatembenuka cham'mbali n'kuyamba kumwa madzi. Apo n'kuti sitinanene za ng'ona imene yatsatira nsomba yanu yophiriphitha n'kuimeza pamodzi ndi mbedza.

Tsono pa zida zanu payenera kukhala malo amodzi ofooka amene mwasankha nokha. Ulusi wa nayiloni wa mamilimita 0.25 ukwanira pa chambo ndi nkupi wamng'ono. Wa 0.30 mpaka 0.35 ndiye wa ntchito zonse, mlamba ndi mcheni omwe. Wopitirira 0.50 ndi wa munthu amene waponda pamtunda. Buleki ya rili muimange moti ulusi uyambe kutuluka nsomba ikakoka ndi mphamvu yosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yodulira ulusiwo. Ngati mwaikapo mtovu womizira nyambo, umangeni ndi kaulusi kochepa mphamvu, kuti ukakodwa utsale wokha.

Owedza ndi ulusi wa m'manja amvetsenso: osaukulunga padzanja, osaumanga kuchala chakuphazi mukamaodzera. Ukulungeni pakamtengo kapena pabotolo lapulasitiki, loti zikavuta mungoliponya m'madzi. Limayandama, mudzalitola.

Ulusi woluka uja wotchedwa braid ndi wabwino?

Ndi wabwino kwa amene ali ndi rili yabwino. Ndi wowonda, sutamuka, ndipo umathandiza kulowetsa mbedza m'kamwa molimba mwa mcheni. Koma umadula chala ngati lezala, umatha msanga ukakhuzika pamwala, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Woyamba ayambe ndi nayiloni. Ingoisungani pamthunzi: dzuwa la m'chigwa, la mu Okutobala lija, limaiwotcha mpaka kumaduka yokha. Chaka chikatha, sinthani.

Manambala a pa mbedza amandisokoneza.

Amasokoneza aliyense. Kuyambira pa 1 kupita mtsogolo, nambala ikamakula mbedza imachepa: ya 10 ndi yaing'ono kuposa ya 6. Koma pakakhala kamzere ndi ziro, zimatembenuka: 4/0 ndi yaikulu kuposa 1/0. Chambo, nkupi ndi nkholokolo zimafuna 6 mpaka 10. Nkupi ndi nsomba yamphamvu koma kamwa lake ndi laling'ono. Mlamba 1/0 mpaka 3/0. Mcheni 2/0 mpaka 4/0. Yesani kuthwa kwake pachikhadabo: ikatsetsereka osakanda, inoleni.

Mcheni amangondidulira ulusi. Nditani?

Mano ake ndi otero, ndiye chifukwa chake alendo anamutcha tiger fish. Pakati pa mbedza ndi ulusi pakhale waya wotalika masentimita 20 mpaka 30, womangidwa ndi kachitsulo kozungulira kaja ka swivo kuti ulusi usapotane. Waya wa m'sitolo ukasowa, masulani nsambo imodzi kapena ziwiri pa kebulo ya buleki ya njinga. Imagwira ntchito, ingoti imachita dzimbiri msanga.

Mcheni amasaka ndi maso. Madzi akayera, kuyambira cha mu Juni, ndipo makamaka kukatentha mu Sepitembala mpaka Novembala, amathamangira chilichonse chophethira. Nyambo yachitsulo yooneka ngati supuni, yofiirira ngati kopa kapena yoyera, yolemera magalamu 16 mpaka 22, ndiyo yodalirika. Zambiri zimabwera ndi mbedza ya mano atatu. Ichotseni, muikepo imodzi yolimba. Ya mano atatu siilowa bwino m'nsagwada za fupa, ndipo nsomba ikamadzigwetsagwetsa pakati pa miyendo yanu m'bwato, mano awiri otsalawo amafuna ntchafu yanu. Kolowekani kachidutswa ka nsomba pambedzapo, fungo lithandize.

Akaluma, kokani mwamphamvu nthawi yomweyo, ndipo akadumpha tsitsani nsonga ya ndodo cha kumadzi, ulusi usalendewere. Ngakhale mutachita zonsezi, ambiri adzapulumuka. Akatswiri a ku Kariba nawo amapulumutsa.

Tinsomba tapulasitiki ta mitundumitundu tija?

Timakola ogula kuposa nsomba. Ta kampani ya Rapala n'tabwino ndithu, koma kamodzi mtengo wake ndi wa mbedza za chaka chonse, ndipo zitsa za Luangwa sizifunsa mtengo. Madzi akakhala a matope, fungo ndilo limaitana nsomba: nyongolotsi, ziwala, ngumbi, matumbo a nkhuku. Owedza vundu pa Zambezi amagwiritsanso ntchito chidutswa cha sopo wochapira wabuluu, ndipo amaluma.

Nyambo imodzi yokha ndiyo yoletsedwa ndi nzeru: nyama ya mvuu yofa yokha. Mu 2011 anthu oposa 500 m'boma lino la Chama anadwala anthrax atagwira kapena kudya nyama yotere, ndipo 5 anamwalira. Matendawa amalowera ngakhale pakachilonda ka pachala, ndipo chala cha msodzi sichisowa chilonda.

Mtovu ndiupeza kuti?

Nati ya njinga kapena pulagi yakutha ya njinga yamoto zimamiza nyambo bwinobwino. Kusungunula mtovu wa m'batire, makamaka m'chiwiya cha kukhitchini, ndi kudyetsa ana poizoni.

Tsono kayaki ndigule?

Ya pa Luangwa weniweni, ayi. Kayaki inapangidwa ndi anthu a kumadera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo ya masiku ano yowedzera ndi yabwino padamu kapena panyanja yabata. Kuno mtsinje ndi wa mvuu. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje yokhala ndi mvuu zochuluka kwambiri mu Africa, ndipo ng'ona nazo si zowerengeka. Pa kayaki mumakhala pafupifupi pamwamba pa madzi penipeni, muli nokha, zigongono zili kunja. Bwato logoba lili ndi milomo yokwererapo, limanyamula awiri, ndipo wachiwiriyo ndiye chida choposa zonse: mmodzi awedze, wina agwire nkhafi, maso ali pamadzi.

Vuto limakula m'chilimwe. Madzi akaphwa, nsomba zimasonkhana m'maiwe otsala, momwemonso mvuu. Musadutse pakati pa mvuu ndi madzi akuya, chifukwa ikadzidzimuka imathawira komweko. Menyani nkhafi pabwato mukamayandikira pokhota kuti zomira zivuuke muzione. Amene wagula kale kayaki aipititse kudamu.

M'bwato mukhale chiyani china?

Mpeni pafupi ndi dzanja, wodulira ulusi zikavuta. Pulayala yochotsera mbedza, chifukwa m'kamwa mwa mcheni simulowa chala. Kachibonga komalizira nsomba isanalowe m'bwato. Chokapira madzi. Jekete yoyandamitsa ngati mungaipeze. Ikasowa, chigubu chotseka bwino cha malita 5 chikhale pambali panu.

Nkholokolo mugwire mosamala: minga yake ya pamsana ndi ya m'mbali ikaimirira imakhoma, ndipo ikabaya chilonda chimatukusira. Nyesi, mlamba wonenepa wopanda mamba wogwira ngati magetsi, musamukhudze ndi manja, dulani ulusi. Nsomba zimene mwagwira zikhale m'thumba m'kati mwa bwato. Kuzimanga pachingwe n'kuzilendeweretsa m'madzi, kapena kutumbulira pomwepo, n'kutumiza uthenga kwa ng'ona.

Lamulo likuti chiyani?

Usodzi m'Zambia umayendetsedwa ndi lamulo la Fisheries Act la 2011, pansi pa dipatimenti ya zansomba. Chaka chilichonse boma limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane; nthawi yomweyo Luangwa amakhala atasefukira, woopsa kwa bwato lililonse. Poizoni, mabomba ndi neti yotetezera udzudzu n'zoletsedwa nthawi zonse. Kumbukiraninso kuti Chikwa ali m'dera la nyama la Musalangu, loyandikana ndi paki ya North Luangwa. M'madzi a paki simuwedza popanda chilolezo cha a dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakuthengo, ndipo popeza mtsinje umasamuka njira, malire ake afunseni kwa a komiti ya m'deralo yoyang'anira zachilengedwe (CRB) kapena kwa anduna a mfumu musanakankhe bwato.

Ndikagule kuti, ndipo ndidziwa bwanji kuti sanandipusitse?

Mbedza ndi nayiloni zimapezeka pa Chama ndi ku Lundazi. Ndodo ndi rili n'za ku Chipata kapena ku Lusaka, ndiye ngati mukutuma munthu, mulembereni papepala: mamita 2.1, magawo awiri, faibagalasi, rili 4000. Mukapita nokha, lumikizani ndodoyo, muyang'ane ngati mphete zake zili pamzere umodzi. Dutsitsani kathonje m'mphete iliyonse. Kakakodwa, mpheteyo ndi yong'aluka ndipo idzadya ulusi wanu. Ulusi dulaniko kachidutswa, mumange mfundo, munyowetse ndi malovu, mukoke. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani sitolo ina. Mphete ya kunsonga gulani ziwiri, chifukwa ndiyo imayamba kuthyoka, ndipo ku Chikwa simudzaipeza.